“Kwa Ine Zikutheka”

Pali mau ena amene mphunzitsi sayenera kumuuza mwana amene walephera ntchito, ndipo ine ndinamuuza mwana mau amenewo. Ndinati, “Taona, kwa ine zikutheka.” Linali tsiku Lachitatu masana, m’chipinda cha makompyuta, ana 16 a Folomu 3 ali chete kumvetsera. Ndaganiza zosimba nkhaniyi kwa inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi chifukwa ambiri a inu mudzapatsidwa makiyi a chipinda chotere mukadzangofika pa sukulu, ngakhale phunziro lanu lenileni litakhala masamu kapena sayansi, monga momwe zinandichitikira ine. Mudzapezamo makina a misinkhu yosiyana, mabuku a zaka zosiyana, ndi ana okhulupirira kuti makina salakwa, kotero kuti chinthu chikavuta amadziimba mlandu okha.

Pa sukulu ya sekondale yoyendera imene ndinkaphunzitsapo masamu tinali ndi makompyuta 9 amene tinalandira ngati mphatso. Mphunzitsi wamkulu anandipempha kuti ndiyambitse kalabu yophunzitsa ana kulemba mapulogalamu, ndipo tinasankha chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python. Buku tinali nalo limodzi lokha, lochindikala, long’ambika chikuto, limene linabwera m’katoni pamodzi ndi makinawo. Python ya m’makina a sukulu ndinaiikamo ndekha kuchokera pa fulashi imene mnzanga wa m’tauni anandipatsa. Koma phunziro ndinkakonzera kunyumba usiku, pa laputopu yanga yakale, ndipo chilichonse cholembedwa m’bukumo chinkayenda popanda vuto.

Tsiku limenelo anawo anali akadali pa phunziro loyamba, lolamula kompyuta kuphatikiza ndi kuchotsera manambala. Mtsikana wina, wachangu kuposa anzake onse, anatsiriza msanga nabwereka buku kuti apitirire yekha. Anakopera mzere umodzi monga unalili m’bukumo: print "Moni". Kompyuta inakana, nitulutsa mau ofiira a Chingerezi. Anafufuta nalembanso, ndipo inakananso. Atayesa kasanu anakweza dzanja. Ine, m’malo moŵerenga mau ofiirawo, ndinamuuza kuti ayang’anitsitse m’buku, pakuti ana amakonda kusiya zilembo pokopera. Kenaka ndinatsegula laputopu yanga, ndinalemba mzere womwewo, ndipo Moni anatuluka nthaŵi yomweyo. Apo ndi pamene ndinalankhula mau aja. Mtsikanayo anaŵerama nati, “Ndiye kuti mutu wanga ndi wouma, aphunzitsi.” Anzake anaseka. Lachitatu lotsatira pa mpando wake panalibe munthu.

Tsiku lomwelo kalabu yonse inafika pa mzere uja, ndipo makompyuta onse 9 anakana pamodzi. Tsopano ndinalibe mwana woti ndimuloze chala. Ndinaŵerenga mau ofiira aja kwa nthaŵi yoyamba, ndipo ankanena momveka kuti lamulo la print likusoŵa mabulaketi. Makina anali atanena kale chovuta sabata yathunthu m’mbuyomo. Wosamva ndinali ine.

Ndifotokoze pano chimene chinachitika, pakuti mudzakumana nacho. Kompyuta payokha sidziŵa Python. Pamakhala pulogalamu ina imene akatswiri amaitcha interpreter, ife tinene womasulira, imene imaŵerenga mizere yolembedwa ndi mwana ndi kuisandutsa ntchito. Womasulira ameneyu ali ndi mibadwo yake, ndipo m’badwo uliwonse uli ndi nambala, imene pa Chingerezi amati version. Guido van Rossum wa ku Netherlands anatulutsa Python koyamba mu 1991. Python 2.0 inatuluka mu 2000. Mu Disembala 2008 kunatuluka Python 3.0, ndipo eni ake anasintha malamulo ena mwadala, akudziŵa bwino kuti mapulogalamu ambiri akale sadzayenda popanda kukonzedwa. Kwa zaka zoposa khumi mibadwo iŵiriyi inakhalira limodzi, kufikira pa 1 Januwale 2020 pamene Python 2.7, yomaliza ya m’badwo wakale, inaleka kusamalidwa. Buku lathu linalembedwera Python 2. M’makina a sukulu ndinaikamo Python 3, imene imafuna kuti tilembe print("Moni"), ndi mabulaketi.

Nanga laputopu yanga inavomera bwanji? Munali mitundu yonse iŵiri, ine osadziŵa. Munthu akalemba dzina la pulogalamu, kompyuta imayang’ana m’mafoda motsata mndandanda wotchedwa PATH, kuyambira pamwamba, ndipo imatenga yoyamba kupezeka yokhala ndi dzinalo. Zili ngati kuitana kuti “Phiri!” m’kalasi mmene muli a Phiri atatu: amene wakhala pafupi ndiye amayankha, kaya ndi amene mumamufuna kaya ayi. Pa laputopu yangayo, imene inali ndi Linux yakale, dzina lakuti python linkaitana 2.7, ndipo wofuna m’badwo watsopano ankayenera kulemba python3. Ndikanalemba python --version, lamulo la mphindi yosakwana imodzi, ndikanadziŵa amene akundiyankha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Ndinatumiza mnzake kukamuitana mtsikana uja. Atabwera ndinaima kutsogolo kwa kalabu ndi kunena kuti iye anakopera molondola kasanu konse, ndi kuti wolakwa ndinali ine. Kupepesa kwa mwana pamaso pa anzake kumalemera m’kamwa, koma popeza ndinamuchititsa manyazi poyera, kupepesa kwa kumbali sikukanakwanira. Anabwerera pa mpando wake. Ine ndinaganiza kuti ndaphunzira zonse zofunika pa nkhani ya mitundu ya Python. Kumapeto kwa chaka chomwecho ndinaona kuti phunziro lalikulu linali lisanafike.

M’chipinda cha aphunzitsi munali kompyuta ina yakale kwambiri imene inkatiŵerengera malikisi. Mphunzitsi wina amene anachoka ine ndisanabwere anasiyamo pulogalamu yaifupi. Inkatenga malikisi a mayeso a pakati pa teremu ndi a kumapeto, n’kuwaphatikiza, n’kugaŵa paŵiri, n’kusandutsa yankho kukhala nambala yathunthu yopanda theka, kenaka n’kulemba ngati mwana wakhoza kapena walephera. Pa sukulu pathu malire okhozera anali 45, ndipo pa teremu yachitatu mwana wolephera maphunziro atatu ankabwereza kalasi. Lolemba la sabata yotsekera, kompyutayo inakana kuyaka. Malipoti ankayenera kuperekedwa Lachisanu.

Mwamwaŵi pulogalamuyo ndinali nditaisunga pa fulashi. Ndinapita nayo ku chipinda cha makompyuta, ndipo monga ndinayembekezera, Python 3 inaikana. Koma tsopano ndinali wodziŵa kuŵerenga mau ofiira. Ndinaika mabulaketi pa print iliyonse. Ndinasintha raw_input kukhala input, pakuti dzina loyambalo mulibe mu Python 3. Ola lisanathe mau ofiira onse anatha, pulogalamu inayenda, ndipo mapepala a malikisi a sukulu yonse anatuluka aukhondo. Anzanga anandiyamika, ndipo ine ndinalandira kuyamikako ndi manja aŵiri.

Lachinayi m’maŵa, mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa Chicheŵa, amene sanasiye chizoloŵezi choŵerengera malikisi ake pamanja m’kaundula, anandiitana. “Aphunzitsi, tabwerani muone,” anatero. “Mnyamata uyu anapeza 41 ndi 48. Kuphatikiza ndi 89. Theka lake ndi 44.5. Kodi si inu a masamu amene mumaphunzitsa ana kuti theka limakwera? Nanga makina anuŵa alemba bwanji 44?” Ndinatsala pang’ono kuyankha kuti makina salakwa, koma ndinakumbukira mpando wopanda munthu uja. Ndinatsegula laputopu ndi kufunsa mibadwo yonse iŵiri funso limodzi, round(44.5). Python 2.7 inayankha 45.0. Python 3 inayankha 44.

Palibe m’badwo umene unalakwa masamu. Uliwonse unatsata lamulo lake. Python 2 inkachita monga timaphunzitsira ku pulayimale: nambala ikagwa pakati penipeni, imakwera. Python 3 imatsata lamulo lina: nambala ikagwa pakati penipeni, imapita ku nambala yoyandikana nayo imene imagaŵika paŵiri popanda chotsala. Motero 45.5 imakhala 46, koma 44.5 imakhala 44, ndipo 46.5 imakhala 46. Lamuloli lili ndi chifukwa chake chomveka. Ngati theka lililonse likwezedwa, ndiye pophatikiza manambala ambirimbiri yankho limapendekera pamwamba. Pamene ena akwera ena natsika, kupendekerako kumachepa. Kwa oŵerengera ndalama ndi a sayansi zimenezi n’zothandiza. Koma lamulo la sukulu yathu linali lakuti theka limakwera, ndipo makolo ndi ana ankadziŵa choncho.

Titafufuza tinapeza kuti malikisi ambiri anali atachepa ndi 1, ndipo pa ana ochuluka zimenezi sizikanasintha kanthu. Koma ana 6 anagwa ndendende pa 44.5 ndipo analembedwa kuti alephera. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata uja. Anali atalephera kale maphunziro aŵiri, ndipo ili likanakhala lachitatu. Mayi ake ankamulipirira sukulu ndi ndalama za tomato wa kudimba. Lipoti likanatuluka Lachisanu, mnyamatayo akanabwereza kalasi, kapena akanangosiya sukulu, ndipo palibe akanadziŵa kuti chinamugwetsa ndi nambala ya womasulira. Usiku umenewo tinakhala aphunzitsi anayi mpaka mochedwa, kuyendetsa pulogalamu yoyambirira pa Python 2.7 ya pa laputopu yanga ndi kukonza malipoti onse.

Apa ndi pamene ndinazindikira kuti zolakwa za kusiyana kwa mitundu zili m’magulu aŵiri. Zina zimafuula, monga print wopanda mabulaketi. Pulogalamu imaima, mau ofiira amatuluka, ndipo munthu amakakamizika kukonza. Zimenezi zimakwiyitsa koma sizivulaza kwambiri, ngati mphunzitsi aŵerenga uthengawo. Zina zimakhala chete. Pulogalamu imayenda, yankho limatuluka looneka bwino, ndipo lili lolakwika. Chitsanzo china chodziŵika ndi kugaŵa: 7/2 mu Python 2 ndi 3, pamene mu Python 3 ndi 3.5, popanda chenjezo lililonse. Chikomekome cha mkuyu, m’kati muli nyerere. Ine ndinaona mau ofiira atatha ndipo ndinayesa kuti ntchito yatha.

Pa tchuthi ndinakhala pansi kukonza kachitidwe kanga. Ndinali ndi ntchito ziŵiri zofuna omasulira osiyana, pulogalamu ya malikisi ndi maphunziro a kalabu, ndipo ndinaona kuti kudalira chikumbukiro changa pa kusinthasintha pakati pa ziŵirizi ndiko kunandigwetsa. Chofunika chinali chakuti ntchito iliyonse izinyamula yokha nambala ya womasulira wake, monga kope la mwana limanyamula dzina ndi kalasi pachikuto.

Pa makina a sukulu, amene anali a Windows, ndinagwiritsa ntchito lamulo lalifupi lakuti py, limene linayamba kubwera pamodzi ndi Python 3.3 mu 2012. Ndikalemba py -0 linkandionetsa mitundu yonse imene ili m’makinawo. Ndikalemba py -2.7 patsogolo pa dzina la fayilo, fayiloyo inkayenda ndi m’badwo wakale, ndipo py -3 inkaitana watsopano. Chinandikondweretsa koposa ndi chakuti lamuloli linkaŵerenganso mzere woyamba wa fayilo: ndikalembapo #! python2.7, linkasankha lokha womasulira woyenera, ngakhale ine nditaiŵala.

Pa laputopu yanga ndinaikapo chida chotchedwa pyenv. Kachitidwe kake n’kosavuta kumva. Chimaika foda yake pamwamba penipeni pa mndandanda wa PATH uja, kotero kuti munthu akaitana python, choyamba kuyankha ndi kapulogalamu kolondolera njira. Kameneka kamayang’ana ngati munthu wasankha mtundu wa nthaŵi yomweyo. Ngati sanasankhe, kamafuna fayilo yaing’ono yotchedwa.python-version m’foda imene munthu alimo, kenaka m’mafoda a pamwamba pake. Ikasoŵa, kamatenga mtundu umene unasankhidwa kukhala wa masiku onse. Motero ndikaloŵa m’foda ya malikisi n’kulemba pyenv local 2.7.18 kamodzi kokha, fodayo imakumbukira mpaka kalekale, ndipo ndikatuluka kupita m’foda ya kalabu womasulira amasintha yekha. Mitundu yonse imakhala m’makina amodzi popanda kupondana. Ziyankhulo zina zili ndi zida zofanana: a Node.js ali ndi nvm ndi fayilo yake ya .nvmrc, a Ruby ali ndi rbenv, kumene pyenv inachokera. Wodziŵa chimodzi savutika ndi zinazo, pakuti nzeru yake ndi imodzi.

Palinso kanthu kena koyandikana nako. Mapulogalamu ambiri amadalira zigawo zowonjezera zolembedwa ndi anthu ena, ndipo nazonso zili ndi mibadwo yake. Python 3 ili ndi njira yotchedwa venv yopatsa ntchito iliyonse mosungiramo zigawo zake payokha, kuti zimene mwaika lero chifukwa cha ntchito yatsopano zisasokoneze ntchito ya chaka chatha. Mlimi wanzeru sasakaniza mbewu ya chimanga cha makolo ndi ya haibulidi m’thumba limodzi, ndipo amalemba pa thumba lililonse.

Sindinafune kuti sukulu ikhale pa Python 2 mpaka muyaya. M’badwo umene waleka kusamalidwa sukonzedwanso pakapezeka ming’alu yoloŵera anthu oipa, ndipo makina atsopano ambiri sabweranso nawo. Ngakhale kulemba dzina la dziko lathu, Malaŵi, ndi chilembo chake ŵ, m’kati mwa pulogalamu ya Python 2 kumafuna mzere wapadera pamwamba pa fayilo, pamene Python 3 imachilandira popanda mwambo. Choncho teremu yotsatira ntchito yosamutsa pulogalamu ya malikisi ndinaipereka kwa kalabu, ndipo woitsogolera anali mtsikana uja. Apa kukhala ndi mibadwo iŵiri m’makina amodzi kunasanduka chuma. Anawo anatenga kaundula wa mayi aja, amene mayankho ake anaŵerengedwa pamanja, naloŵetsa malikisi omwewo m’pulogalamu yakale ndi m’yatsopano, nafananitsa mzere ndi mzere. Anachotsa round nalemba okha lamulo la sukulu moonekera: kuwonjezera 0.5 ndi kutaya zotsala, njira yokwanira pa manambala osatsika pansi pa ziro monga malikisi. Pamene mapepala atatuwo anagwirizana kuyambira pamwamba mpaka pansi, m’pamene tinatsanzikana ndi Python 2.

Musaganize kuti nkhaniyi inatha ndi m’badwo wakalewo. M’kati mwa Python 3 momwemo kusiyana kukupitirira. Kalembedwe kotchedwa f-string kanayamba ndi 3.6 mu 2016, ndipo lamulo la match linayamba ndi 3.10 mu 2021. Mwana amene walemba ntchito yake pa makina atsopano a msuweni wake adzadabwa ikakanidwa ndi makina akale a sukulu. Kuyambira 2020 mtundu watsopano umatuluka chaka chilichonse mu Okutobala, ndipo uliwonse umasamalidwa zaka zisanu. Ndiye kuti mwana woloŵa Folomu 1 adzaona mitundu inayi yatsopano asanalembe mayeso ake omaliza, pamene buku la m’laibulale lidzakhala lomwelo.

Tsono ndikupatseni zimene ndimachita m’kalasi lero, kuti mudzasankhepo zokuthandizani. Poyamba, phunziro lililonse ndimaliyesa pa makina amene ana adzagwiritse ntchito, ngakhale pa amene ali wofooka kuposa onse, ndisanalilembe m’chikonzero. Mphunzitsi wa sayansi sayesera phunziro lake ndi zipangizo za kunyumba kwake, nafenso tisatero. Kachiŵiri, pa bolodi, pafupi ndi deti, pamalembedwa nambala ya Python ya tsikulo, ndipo amalemba ndi mwana atafunsa yekha makina. M’kati mwa chikuto cha buku lililonse la kalabu tinalembamo ndi inki m’badwo umene bukulo linalembedwera. Kachitatu, mau ofiira akatuluka, mwana amawaŵerenga mokweza ndi kuwamasulira m’Chicheŵa tisanagwire kanthu kalikonse, ndipo funso loyamba limakhala lakuti, “Ndani akutiyankha, ndipo bukuli linkalankhula ndi yani?” Kachinayi, palibe pulogalamu imene timaikhulupirira chifukwa chakuti yayenda. Timaiyesa ndi mafunso amene mayankho ake tawapeza kale pamanja, ndipo mwa mafunsowo mumakhala ogwera pa malire penipeni, monga 44.5.

Chomaliza ndi cha lilime la mphunzitsi. Mwana akati zikukanika, iye wanena zoona za makina amene ali patsogolo pake, ndipo zoti kwa ine zikutheka sizimuthandiza kanthu. Zimangomuuza kuti kusiyana kuli pakati pa mutu wake ndi wanga. Masiku ano laputopu yanga ndimaisiya yotseka pa tebulo. Ndimakoka mpando, ndimakhala pambali pa mwanayo, ndipo ndimati, “Tandionetsa pamene wakhalapo.”

Mnyamata uja anapita ku kalasi yapatsogolo ndipo sanadziŵe chimene chinachitika usiku wa Lachinayi. Mayi aja anapuma pa ntchito patapita zaka ziŵiri, ndipo pochoka anandisiyira kaundula wawo wakale. Ali m’kabati ya chipinda cha makompyuta, ndipo nthaŵi iliyonse imene tisintha mtundu wa Python timamutulutsa, n’kuyesanso pulogalamu ya malikisi ndi manambala awo olembedwa ndi pensulo, tisanasindikize lipoti la mwana aliyense.